Zibangili za Tulsa

Lolemba, 11 Januwale 1904

Andigoneka lero m'chipatala cha amayi, bedi lachitatu kuchokera kukhomo. Vuto ndi chilonda cha pamsongolo wakumanzere. Ndinadzicheka ndi chitsulo cha ndowa kusukulu, ndikuchipeputsa, ndikumangomangapo nimu ndi chikasu, mpaka chakula ngati chikhatho cha mwana. Dokotala Pirojbai anachiyang'ana nati, "Aphunzitsi, mwaphunzitsa ana a eni kuwerenga moyo wanu wonse, koma mwendo wanuwanu mwalephera kuuwerenga?" Ndinayamba kufotokoza mmene zinayendera, koma anali atafika kale pa bedi lina.

Mlamu wanga Saguna wandibweretsera kope ndi pensulo. Munthu wozolowera kuyankhula tsiku lonse sangangoti ndwii ngati dzungu.

Lachiwiri, 12 Januwale

Chithandizo ndi ichi: kutsuka chilonda m'mawa ndi madzulo ndi madzi owiritsa othira mankhwala a kaboliki, kuwaza ufa wachikasu wonunkha, kumanga bandeji yatsopano, mwendo kuukweza pa pilo. Kuyenda ayi.

Sanandiuze kuti ndagonekedwa m'sukulu. Chipatalachi chayamba kuphunzitsa anamwino, chinthu chimene m'tauni muno sichinachitikepo. Kale wodwala ankasamalidwa ndi abale ake, zonyansa n'kusiyira osesa. Tsopano kwabwera Matroni wa ku Scotland, wamtali ngati nsungwi, ndipo wasonkhanitsa atsikana asanu ndi mmodzi. Anayi ndi ana amasiye a nthawi ya njala ija, oleredwa kumishoni. Wina mwamuna wake anamwalira. Wotsalayo, Tulsa, ndi wokwatiwa. Amagona m'kanyumba ka kuseri, kutuluka salola. Ali pa miyezi itatu yoyesedwa. Wopambana adzapatsidwa kachipewa koyera ndi kuphunzira zaka zitatu, wolephera adzabwerera kwawo.

Sukuluyi ilibe mabenchi kapena bolodi. Bolodi lake ndife. Lero m'mawa andiyalira bedi kanayi ine ndili pomwepo, akundigubuduza uku ndi uku ngati mtanda wa chapati, chifukwa ngodya ya nsalu sinapindike mmene a Matroni amafunira.

Pa bedi loyandikana nane pali a Zaitunbi, nkhalamba yogulitsa masamba otafuna kumsika, inathyoka chiuno. Anandilandira ndi mawu akuti, "Achemwali, musadandaule. Ine andiphunzirirapo kwambiri moti kachipewa koyamba adzapatsa ine."

Lachinayi, 14 Januwale

Tsiku la chikondwerero cha chitowe. Saguna wabwera ndi timibulu ta chitowe ndi shuga wa nzimbe, tija timapatsana kuti pakamwa pakome ndi mawu omwe. Ndinapatsa wodi yonse. A Matroni analandira kamodzi, nakayang'ana ngati mankhwala a makoswe, nakaika m'thumba.

Mwa atsikana onsewa, amene ndimamuyembekezera ndi Tulsa. Rahel, wamkulu wa amasiye aja, ndi wakhama, koma amasenda bandeji ngati akusenda khungwa pamtengo. Tulsa amayamba wainyowetsa, n'kudikira, n'kumaichotsa pang'onopang'ono akundifunsa za ana a sukulu kuti ndiiwale ululu. Ndimamudziwa asanatulukire, chifukwa zibangili zake zagalasi, zobiriwira, zimalira ngwerengwere m'khonde monse.

A Matroni nawo amazimva. Lero anaima pakati pa wodi, naloza mikono yake, nati mothyokathyoka m'chinenero chathu cha Chimarathi, "Izi. Chotsa. Ndanena kale." Tulsa anawerama, nazikankhira m'mwamba pang'ono. A Matroni atangotembenuka, zinatsetsereka kubwerera pamalo pake.

Loweruka, 16 Januwale

Mafinya achepa. Dokotala akuti m'mbali mwa chilonda mwayamba kufiira bwino.

Ndamufunsa Tulsa chimene chinamubweretsa ku ntchito imene anthu amati ndi yogwira zonyansa za eni. Akuti mwamuna wake, Dhondiba, amagwira ntchito kufakitale ya thonje, ndipo fumbi lamudya chifuwa. Masiku ena amapita, ena sapita.

"Anandiuza yekha kuti, pita ukaphunzire, m'nyumba muno mukhale dzanja lina logwira ntchito langali likadzafooka. Apongozi anga sanadye masiku awiri."

"Nanga a Matroni anakulandira bwanji? Ndamva kuti okwatiwa safuna."

"Anasowa anthu, Aphunzitsi. Ndani angapereke mwana wake?"

Madzulo Dokotala amawaphunzitsa atsikanawa za mafupa ndi magazi m'Chingerezi, chinenero chimene Tulsa amadziwapo mawu osakwana dzanja. Amaloweza phokoso lokha ngati nyimbo. Zimenezi zandiwawa kuposa mwendo. Ndamuuza kuti azibwera nazo kwa ine ndizimumasulira.

Lachiwiri, 19 Januwale

Tsiku loipa.

Tulsa akufinya nsalu, chibangili chimodzi chinagunda m'mphepete mwa beseni, n'kusweka. Tizidutswa tinagwera m'madzi otsukira chilonda changa, kena pa bandeji. A Matroni anali pa bedi la a Zaitunbi, anaona zonse. Sanakalipe. Anataya madziwo, nasamba okha mpaka m'zigongono, nanditsuka okha, akufufuza ndi kachitsulo ngati mwatsala galasi. Atatha anaitana Rahel kuti amasulire bwinobwino, kuti pasadzakhale wonena kuti sanamve. Kuyesedwa kutha Loweruka la pa 30. Tsiku limenelo mikono ya Tulsa ikhale yopanda kanthu, apo ayi anyamule mtolo wake.

Tulsa sanamve n'komwe, ndikuganiza. Anali chogwada akutola tizidutswa tija, akutchula dzina la mulungu wakwawo. Mkazi aliyense muno anadziwa chimene ankaopa. Kwa ife chibangili cha mkazi wokwatiwa chikasweka, ndi malodza kwa mwamuna wake.

Lachitatu, 20 Januwale

Thupi latentha. Chilonda chikugunda ngati ng'oma. Sindinadye.

Lachinayi, 21 Januwale

Chimodzimodzi. Wanditsuka Rahel. Ndinaluma pilo.

Lachisanu, 22 Januwale

Kutentha kwatsika. Dokotala akuti sangalumbire kuti zachokera ku zibangili, komanso sangalumbire kuti ayi.

Ndinaitana Tulsa n'kumukhazika pansi kuti ndimufotokozere. Ndinayamba bwino, monga ndimachitira ndi a kalasi yachinayi. Ndinati pali tizilombo tating'ono kuposa nthata, tosaoneka ndi maso, timene timabisala pamene sopo safika. Ndinajambula mkono m'kope muno, ndi zibangili, ndi timadontho pansi pake. Ndinafanizira ndi nyerere zolowa m'chitini cha shuga. Anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu.

"Wamva, mwanawe?"

"Ndamva, Aphunzitsi. Tizilomboto tilipo."

"Ndiye uvula?"

"Iyayi."

"Nanga ndimalankhula ndi khoma?"

Anayang'ana mikono yanga, kenaka pansi. "Inu zanu anakuvulani liti?"

Zanga anaziphwanya ndi mwala pakhomo, mtembo wa amuna anga usanatuluke m'nyumba, ine ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Phokoso lake ndimalimvabe.

A Zaitunbi anati, "Sukulu yatsekedwa, achemwali? Belu sindinalimve."

Loweruka, 23 Januwale

Mwana atakanika, ndinati ndiyese mkulu. A Matroni akudutsa ndinawaimitsa m'Chingerezi changa cha pa Sabata. Ndinali wotsimikiza kuti akuganiza kuti mtsikanayu akukanira zokongoletsa chabe. Ndinawafotokozera kuti kwa ife mkono wa mkazi wokwatiwa sukhala wopanda kanthu ngakhale kamphindi. Kuti posintha zibangili amakulunga kaye mkonowo ndi nsonga ya sari, nsalu yaitali imene timavala. Kuti amavula zonse tsiku limodzi lokha, tsiku lofedwa. Kumuuza Tulsa kuti avule n'chimodzimodzi kumuuza kuti akonzeretu nkhuni zowotchera mtembo wa mwamuna wake. Ndinawonjezapo mbiri ya mwambowu pang'ono. Mwina osati pang'ono.

Anamvetsera ataima njo. Kenaka anati, "Zikomo, Mayi Sathe. Ndinkayesa ndi kunyada, ndipo kunyada kumatha. Ngati ndi zikhulupiriro, ndiye sindingagonje n'komwe. Ndikalola izi lero, mawa wina adzakana kugwira wodwala wa mtundu wotsika. Kwathu ndinaona amayi atatu akufa sabata imodzi atabereka, chifukwa cha mzamba amene sankavula mphete ya ukwati. Nayenso ankamukonda mwamuna wake."

Anandikonzera pilo bwinobwino, napita.

Ndiye kuti ndathira mafuta pamoto. Zaka zonsezi ndakhala ndikukhulupirira kuti anthu amakangana chifukwa chosamvetsa. Awa awiri amvetsa zonse, mwa chisomo changa, ndipo aliyense wakhazikika pamwala pake kuposa kale. Ndakwiyira a Matroni chifukwa akunena zoona. Ndakwiyira Tulsa chifukwa sindingamutsutse. Ndakwiyiranso Saguna, amene wabweretsa nandolo wopanda mchere.

Lolemba, 25 Januwale

Chilonda chayera pakati. Andilola kukhala tsonga.

Nthawi ya alendo kunalowa mayi wamfupi, wouma ngati tsabola wa padzuwa, akufunsa mokweza kuti mpongozi wake ali kuti. Ndi a Rakhmabai, amayi ake a Dhondiba. Anamupeza Tulsa atanyamula beseni pafupi ndi bedi langa.

"Tula chonyansacho, tiye kunyumba. Mwamuna wako wagona, thupi lili moto kuyambira Lachisanu. Ndamva kuti unaswa chibangili. Unkayesa sindimva?"

"Chinasweka chokha, amayi."

"Chokha! Ndipo akuti Mzungu wako akufuna uvule zonse. Bwanji osangobwera kudzamutsamwitsa ndi pilo, ntchito ichepe?"

A Zaitunbi analowererapo: "Mayi, malungo ali tauni yonse. Mlongo wanga nayenso wagona, ndipo mkazi wake ali ndi zibangili mpaka zikumulemera ngati bulu wa malonda."

"Inu a chiuno chothyoka, ndakufunsani?"

"Chiuno n'chimene chathyoka, pakamwa pali bwino."

Dokotala Pirojbai anamva phokosolo, nafunsa zizindikiro, napereka kwinini wa masiku asanu kuti akampatse wodwalayo. A Rakhmabai anamulandira ndi nsonga za zala. Pochoka anati Loweruka abwera kudzamutenga Tulsa, ndipo akapeza mikono ili mbee, asadzapondenso pakhomo pawo.

Tulsa anatsiriza kunditsuka mosamala monga mwa masiku onse. Mwana ameneyu anabadwira ntchito imeneyi, ndipo aichoka chifukwa cha magalasi a kumsika.

Lachitatu, 27 Januwale

Kunja kwa zenera akukonza msewu. Onyamula miyala ndi amayi a mtundu wa Chilamani aja oyendayenda ndi ng'ombe, ndipo ndakhala ndikuwayang'ana m'mawa wonse posowa chochita. Zibangili zawo za minyanga zimakwera mkono wonse mpaka kufupi ndi phewa. Ndawaona moyo wanga wonse osaganizapo kanthu.

Ana akamalimbana za malire a dimba la sukulu, ndinkayamba ndawafunsa kuti aliyense aloze pamene akuti lake lathera. A Matroni atabwera ndinati, "Pepani, lero sindifotokoza kanthu." Nkhope yawo inamasuka moti ndinakhumudwa. "Funso limodzi lokha. Lamulo lanu likamati mkono, mkonowo umathera pati?"

"Pachigongono. Timasamba mpaka pachigongono."

"Pamwamba pake?"

"Pamwamba pake pali malaya. Sindiyendera za m'malaya." Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mukukonza chiyani, Mayi Sathe?"

"Ine? Ndine wodwala wa bedi lachitatu."

Madzulo ndinatuma Saguna kwa a Rakhmabai ndi funso lomwelo: mwambo umati zibangili zikhale pati? Yankho labwera lakuti, "Pamkono, nanga pamphuno? Aphunzitsiwo matenda awafika kumutu?" Ndalilandira ngati chilolezo.

Lachinayi, 28 Januwale

Ndamuuza Tulsa kuti azivala zibangili pamwamba pa chigongono, koma sakukhulupirira. Akuti zake n'zothina, sizingadutse chigongono, ndipo kuti zichoke n'kuziswa basi. Chimodzi chinasweka, mwamuna n'kugona; nanga zikasweka zonse? Ndamuuza kuti sitiswa ngakhale chimodzi. Ndalonjeza chinthu chimene sindichidziwa. Dhondiba akuti akadali chimodzimodzi.

Lachisanu, 29 Januwale

Saguna wabwera ndi mayi wogulitsa zibangili wa kumsika wa Lachiwiri, dengu pamutu, akudzitcha mlendo wanga. Anayala malonda ake pa bedi langa lopindidwa bwino lija. A Rakhmabai anabweranso osaitanidwa, naima kumapazi atapinda manja.

Wogulitsayo anagwira mkono wa Tulsa pamwamba pa chigongono, naupima ndi zala. "Apa pafunika zazikulu, za akazi a eni masitolo."

"Mupatseni za saizi yanga ya kale," anatero a Zaitunbi. "Ndili mtsikana, mkono wanga unali ngati ntchafu ya njati. Amuna ankagwa m'ngalande."

"Ankathawa," anatero a Rakhmabai.

Zatsopano zinayamba kulowa, zobiriwira, zitatu mkono uliwonse. Anapaka sopo, nazidutsitsa pamwamba pa zakale, n'kuzikankha pachigongono mpaka zinakakhala pamnofu, zothina moti sizingatsike. Apo ndiye panatsala ntchito yeniyeni. Anatenga dzanja la Tulsa n'kuyamba kulikanya ngati mtanda, akupinda chala chachikulu kulowetsa m'kati, akuyankhula za mtengo wa anyezi kuti mtsikanayo asaumitse dzanja. Mayi wa bedi lakumapeto, amene anachitidwa opaleshoni dzana, anadzuka ndi chigongono kuti aone.

Chinatuluka choyamba, chathunthu. Chachiwiri. Tulsa anatseka maso. Chomaliza cha kumanja chinakakamira pamfundo za zala, khungu n'kuyera, ndipo ndinaona a Rakhmabai akusuntha milomo. Ine amene ndinajambula tizilombo m'kope, ndinapezeka ndagwira mpweya ngati kuti moyo wa Dhondiba ulidi m'kagalasi kameneko. Wogulitsayo anathira sopo wina, natembenuza pang'ono, ndipo chinatsetsereka n'kugwera pa bulangeti. Chathunthu.

A Rakhmabai anatola zakale zonse, nazimanga pansonga ya sari yawo. Kenaka anakweza dzanja la bulauzi ya Tulsa, nawerenga zatsopano ndi chala, nalitsitsa.

"Anthu akaona m'manjamu adzati chiyani?"

"Mudzawauze akweze malaya aone," anatero a Zaitunbi.

"Mulungu amaona za m'malaya," ndinatero ine.

"Aphunzitsi, za Mulungu musandiphunzitse." Kenaka anati, "Akabwera kunyumba azivala zapansi."

Sanati inde. Koma mtolo wa Tulsa sanaufunse.

Loweruka, 30 Januwale

Atsikana aja anawaimika pamzere m'wodi muno, pamaso pathu, poti ndife tinali mayeso awo. A Matroni anayenda akuyang'ana zikhadabo ndi mikono. Atafika pa Tulsa anatembenuza manja ake uku ndi uku. M'mikono munali mizere yotuwa pamene dzuwa silinafikepo chikwatiwire.

"Kweza manja."

Anakweza. M'malaya munamveka ngwere, kamodzi, pang'ono, koma m'wodi mopanda wotsokomola munamveka ngati belu la kachisi.

A Matroni anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana bedi lachitatu. Ine ndinali wotanganidwa kwambiri ndi denga.

"Chikangotsika chimodzi pansi pa chigongono," anatero, Rahel akumasulira, "upita tsiku lomwelo."

"Sichitsika, a Matroni."

Anamuveka kachipewa. Kanapendekeka, nakakonza okha. Apambana asanu, mmodzi wa amasiye aja, amene amakomoka akaona magazi, amutumiza kukhitchini poti alibe kwawo kobwerera, ndipo akuoneka wokondwa kuposa onse.

A Zaitunbi akufunsabe za chipewa chawo.

Lachitatu, 3 Febuluwale

Chilonda chatsala ngati ndalama yachitsulo, chouma m'mbali. Ndayenda mpaka kukhomo ndi ndodo. Akuti Loweruka ndituluka, ndizidzabwera kumangitsa kawiri pa sabata.

Dhondiba malungo amusiya, wadya mkate wa mapira, chifuwa chokha n'chimene chilipobe monga kale. A Rakhmabai akulengeza m'mudzi monse kuti wachira chifukwa zibangili zinatuluka zathunthu. Dokotala akuti ndi kwinini. A Matroni auza Dokotala kuti mwambo wa sukulu wapambana chifukwa iwo sanagonje. Wogulitsa zibangili akuti nzeru inali yake, ndipo walandira kale maoda kwa amayi awiri amene akufuna kubweretsa apongozi awo kusukulu ya anamwinoyi chaka chamawa. Palibe amene watchula bedi lachitatu. Ndinayamba kuwafotokozera a Zaitunbi mmene ganizoli linandifikira, koma anagona ndisanafike pa amayi a miyala.

Madzulo ano chilonda chinayamba kuyabwa, chizindikiro chabwino. Tulsa atachotsa bandeji n'kutembenukira kubeseni, ndinatambasula chala kuti ndikande m'mbali pang'ono pokha. Sindinamumve akutembenuka, masiku ano samveka akamabwera. Ndinangomva dzanja langa lamenyedwa, phaa.

"Aphunzitsi! Mwasamba m'manjamo?"

"Ndimangofuna..."

"Pali tizilombo, tating'ono kuposa nthata, tosaoneka ndi maso. Timalowa ngati nyerere m'chitini cha shuga. Mwamva?"

"Ndamva, mwanawe."

"Ndiye manja pamimba."

Ndinaika manja pamimba. Anafotokoza zonse mpaka kumapeto, osadumpha ngakhale liwu limodzi, ndipo kunena zoona, phunzirolo ndi lalitali kwambiri.